Funsani Akatswiri: Lipenga Likukana Kutsika

Funso: Ndimaimba lipenga la B-flat m'bandi ya kutchalitchi kwathu. Ndikangotsika kupitirira C wapansi mawu amanjenjemera, mwina kungotuluka mpweya wokhawokha. Anzanga akuti ndiyambe ma pedal tone. Ndiyambire pati? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Ma pedal, omwe ndi manoti apansi kwambiri otsika kupitirira F-sharp wapansi, abadikira kaye. Choyamba unikani lipengalo. Kachotsekera ka pabowo lotayira madzi kakatha, mpweya umathawira pamenepo, ndipo manoti apansi ndiwo amayamba kudwala. Ambiri amanamizira milomo pomwe vuto ndi limeneli.

Pansi pa C pali manoti 6 amene lipenga limatulutsa bwinobwino (manambalawa ndi a mavalavu, mabatani atatu odina ndi zala): B (valavu 2), B-flat (1), A (1-2), A-flat (2-3), G (1-3) ndi F-sharp (1-2-3). Akamanjenjemera, ndiye kuti mukuthamangitsa mpweya kapena mukukanikiza mouthpiece (kachitsulo kouzirapo) pamilomo. Kumunsiku kumafuna mpweya wambiri koma wodekha, wofunda, ngati mukuuzira galasi kuti lichite nthunzi. Lilime ligone pansi monga ponena "oo", chibwano chitsike pang'ono, koma m'mbali mwa pakamwa mukhale molimba.

Ikani metronome (chowerengera mabiti) ya pafoni pa mabiti 60 pa mphindi. Gwirani C kwa mabiti 4, tsetserekerani pa B osamenya lilime, mabiti 4, bwererani pa C. Kenako C kupita B-flat n'kubwerera, chimodzimodzi mpaka F-sharp. Muzipuma nthawi yofanana ndi imene mwaimba. Zikakhazikika, pezani buku la Herbert L. Clarke lotchedwa Technical Studies. Phunziro loyamba limayambira pa F-sharp wapansi yemweyu, ndipo liimbidwe motsitsa kwambiri, mobwerezabwereza.

Tsono ma pedal. Kuchokera pa F kutsika mpaka C-sharp, manotiwo mulibe m'lipengamo, mumachita kuwapinda ndi milomo, n'chifukwa chake poyamba amamveka osasa. Imbani F-sharp ndi 1-2-3, mutsitse pang'ono ndi milomo yokha mpaka afike pa F, zala zili pomwepo. Khutu likamugwira, muyeseni ndi valavu 1. Zala za manotiwa n'zofanana ndi za manoti a maina omwewo a octave ya pamwamba: F (1), E (1-2), E-flat (2-3), D (1-3), C-sharp (1-2-3). Nthawi zonse yambani mwaimba wa pamwambayo kuti mudziwe komwe mukulowera. Pedal C, yemwe amaimbidwa osadina valavu, amakonda kugwera pansi kwambiri. Musalimbane naye, muyambe ndi 1-2-3, mudzasiye zalazo pakapita milungu.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Pofuna kuti notiyo ingotuluka, amatulutsa mlomo wam'munsi kunja kwa mouthpiece, ena amatukumula masaya kapena kusuntha mouthpiece. Imalira ndithu, mokwezanso, koma siikupindulitsani kanthu chifukwa si mmene mumagwirira poimba nyimbo. Dziyeseni chonchi: kuchokera pa pedal F kwerani pa F wa pamwamba, kenako A ndi C, mpweya umodzi, lipenga osalichotsa pakamwa. Ngati mukuchita kukonzanso milomo panjira, bwererani pa F-sharp.

Mphindi 5 mpaka 10 patsiku n'zokwanira. Mukapitirira milomo imalefuka ndipo manoti apamwamba amayamba kukuthawani. Nthawi yabwino ndi poyamba kukonzekera, kapena bandi ikaweruka milomo itauma.