Mapointi 19 ndi mtima wofuna za bizinesi: mulembe yunivesite iti?

Mtsikana wina wa ku Santhe, m'boma la Kasungu, watitumizira imelo iyi: "Ndinapeza mapointi 19 pa MSCE: Chingerezi 4, Masamu 5, Agriculture 2, Biology 3, Chichewa 2, Geography 3. Bambo amalima fodya ndi soya, ndipo akufuna ndidzakhale akawuntanti. Ine ndikungodziwa kuti ndikufuna za bizinesi. Ndilembe yunivesite iti? Nanga akapanda kundisankha nditani?"

Achemwali, mwakhoza bwino. Kuti munthu alembe nawo ku yunivesite za boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo, ndipo kirediti ndi giredi yochokera pa 1 kufika pa 6. Inu khomo limenelo mwadutsa. Koma tiyang'ane 5 wa Masamuyo. Maphunziro ambiri a zamalonda amafuna kirediti ya Masamu, ndipo inu muli nayo. Vuto ndi lakuti malo ndi ochepa, ndipo osankha amayamba ndi amene magiredi awo ali apamwamba pa maphunziro ofunika pa pulogalamuyo. Pa Accountancy mudzapikisana ndi anzanu amene Masamu anapeza 1 kapena 2.

Ndiye musanasankhe sukulu, sankhani kaye ntchito. Mawu oti "bizinesi" ndi dengu lalikulu, ndipo muli zinthu zosiyana kwambiri.

Akawuntanti amasunga mabuku a ndalama, amakonza malipoti a kumapeto kwa chaka, amawerengera misonkho yopita ku MRA, kapena amafufuza mabuku a ena ngati odita. Digiri yake yodziwika kwambiri ndi Bachelor of Accountancy ya ku MUBAS ku Blantyre, sukulu imene inkatchedwa Polytechnic mpaka mu 2021 pamene University of Malawi inagawidwa patatu. Komweko kuli Business Administration, imene imakhudza pang'ono za malonda, pang'ono za kayendetsedwe ka antchito, pang'ono za ndalama. Ubwino wake ndi wakuti imakutsegulirani makomo ambiri. Kuipa kwake ndi komweko: omaliza digiri imeneyi ndi ochuluka m'dziko muno, ndipo amene sanawonjezerepo luso lapadera amavutika kudzisiyanitsa ndi anzawo. Economics, imene imaphunzitsidwa ku UNIMA ku Zomba, ambiri amaiyesa ya bizinesi, koma ndi ya masamu ndi kafukufuku, yoyenera ofuna ntchito za ku Reserve Bank kapena ku maunduna okonza mapulani. Ngati masamu amakutopetsani, imeneyi ilambalaleni.

Tsopano apa ndi pamene tikufuna muganizirepo kwambiri. Ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya pa Bunda ku Lilongwe, kuli Agribusiness Management ndi Agricultural Economics. Muli ndi 2 pa Agriculture ndi 3 pa Biology, ndiye mphamvu yanu ili kumeneku, ngakhale muyenera kuwerenga bwino chilengezo cha malo a ku yunivesite kuti muone ngati sakufunanso Chemistry kapena Physics. Ana ambiri a alimi amathawa liwu loti "ulimi" poganiza kuti akubwezedwa kumunda ndi khasu. Si choncho. Mumaphunzira kuwerengera mtengo wolimira ekala imodzi, kuyendetsa kopaletivu, kupeza misika, kukonza ngongole za alimi, ndi kudziwa nthawi yosunga mbewu ndi nthawi yogulitsa. Ndalama za ku Kasungu zimayenda ndi fodya, soya, mtedza ndi chimanga. Makampani ogula fodya pa kontirakiti, ogulitsa mbewu ndi feteleza, mabanki ndi ma SACCO obwereketsa alimi, onsewa amafuna munthu womvetsa mabuku a ndalama komanso womvetsa mlimi. Inu mwakulira pakhomo pamene fodya amafunika kusankhidwa, kumangidwa mabelo ndi kutumizidwa ku okushoni ku Chinkhoma. Mnzanu wokulira m'tauni zimenezi adzaziphunzira m'buku.

Kalembedwe kake ndi aka. Kusankha ophunzira ku yunivesite zonse za boma kumayendetsedwa pamodzi ndi bungwe la NCHE, ndipo mumalemba fomu imodzi yokha. Likatulutsa chilengezo, muwerenge zofunika pa pulogalamu iliyonse, mulipire ndalama yolembetsera mwa njira yomwe anena, ndipo risiti musaitaye. Pa fomu mumandandalika mapulogalamu motsatana, kuyambira womwe mukuufunitsitsa. Apa ndi pamene ambiri amadzipha okha. Wina amadzaza malo onse ndi mapulogalamu olimbirana kwambiri, ndipo akalephera woyamba amalephera onse. Wina amalemba pulogalamu imene alibe phunziro lake lofunika, malowo n'kupita pachabe. Enanso dzina lawo pa fomu limasiyana ndi la pa satifiketi ya MANEB, kapena amapereka nambala ya foni ya munthu wa pa intaneti kafe amene anawalembera. Ife tikanati muike Accountancy poyamba ngati mtima ulidi pamenepo, kenako Agribusiness Management, kenako ena osalimbirana kwambiri amene mungawaphunzire osadandaula.

Akakusankhani, ngongole ya maphunziro sibwera yokha. Mumalembera padera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndipo muyenera kuonetsa umboni wakuti kwanu sangakwanitse. Ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza.

Nanga dzina lanu likapanda kutuluka? Bambo asataye mtima, chifukwa ukawuntanti ndi ntchito imene ili ndi makwerero ena osadzera pa yunivesite. Bungwe la ICAM, la maakawuntanti a m'dziko muno, lili ndi mayeso ake: mumayamba ndi Certificate in Financial Accounting, kenako dipuloma ya Technician, kenako gawo la Professional. Ambiri amaphunzirira ku Malawi College of Accountancy, yomwe ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Mukafika pa dipuloma mutha kuyamba ntchito ya ukalaliki wa maakawunti n'kumapitiriza sukulu madzulo kapena kumapeto kwa sabata. Ndipo dziwani kuti ngakhale wa digiri, kuti adzatchedwe chartered accountant, kutanthauza akawuntanti wovomerezeka mokwanira, amalembabe mayeso a ICAM kapena a ACCA (bungwe la maakawuntanti la ku Britain) ndi kugwira ntchito zaka zingapo moyang'aniridwa. Mayesowa ndi ouma, anthu amabwereza mapepala, ndiye muwerengeretu ndalama ya kulembetsa ndi ya mayeso padera pa fizi ya sukulu.

Za yunivesite zomwe si za boma, zilipo zodalirika, monga Catholic University ku Nguludi, koma lamulo ndi limodzi: musanalipire tambala iliyonse, onani pa mndandanda wa NCHE ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati pulogalamu yeniyeniyo ndi yovomerezeka. Sukulu itha kukhala yololedwa pamene digiri imene mukufuna sinavomerezedwe. Zimatipweteka kuona kholo litagulitsa ng'ombe ndi mabelo a zaka zinayi, mwana n'kubwera ndi pepala lomwe olemba ntchito sakulilandira. Powerengera fizi muphatikizepo nyumba yogona, chakudya, thiransipoti ya ku Kasungu ndi laputopu, chifukwa zimenezi ndi zomwe zimachotsa ana ambiri sukulu.

Podikira zotsatira, pemphani bambo akupatseni mabuku a pamunda. Gulani kope lalikulu, mbali ina muzilemba zotuluka: matumba a feteleza, mbewu, mankhwala, aganyu, ziguduli, galimoto yonyamula mabelo. Mbali inayo zolowa. Fodya akagulitsidwa, tengani pepala la malonda muone mtengo pa kilogalamu ndi zonse zomwe zadulidwa ndalama isanafike ku banki, kenako muyerekeze phindu la ekala ya fodya ndi la ekala ya soya. Mukapeza mpata wa kompyuta pa boma, muziike mu Excel, pulogalamu yowerengera ya pa kompyuta. Mukaona kuti mukusangalala ndi kulondola kwacha iliyonse mpaka mabuku agwirizane, mtima wanu uli ku ukawuntanti. Mukaona kuti chikukukokani ndi funso loti chaka chamawa mulime chiyani ndipo mukagulitse kuti, ikani Bunda pamwamba pa fomu.