Mwana amatsata kumene akuluakulu tikuombera m'manja

Mayi, mwafunsa chifukwa chake mwana wanu amatchula pamtima osewera onse a Bullets ndi Manoma koma buku salikhudza. Ine ndimaphunzitsa pa CDSS ina kuno ku Kasungu, ndipo ndikuuzeni mosapsatira kuti mwanayo mutu wake ukugwira bwinobwino. Akungoona zomwe akuluakulufe timazipatsa ulemu.

Kumbukirani mu Januwale 2022, usiku womwe Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco chigoli chakutali chija ku Cameroon. Pamsika pathu anthu anakhamukira mumsewu, mavuvuzela ali pakamwa, akabaza akuliza mabelu, ngakhale pamapeto tinagonja 2-1. Inenso ndinakondwa nawo. Koma chaka chomwecho mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anakhoza MSCE ndi mapointi 14, akuwerengera tochi ya mabatire atamaliza kutunga madzi ndi kutsuka mbale. Anamuimbira nthungululu ndi mayi ake okha. Titaitanitsa msonkhano wa makolo wokambirana za mabuku, sanakwane khumi. Loweruka lake muvidiyo munalibe poponda, ndipo abambo omwe amati alibe ya makope ndinawaona akulipira pakhomo kuti aonere Arsenal. Ana amaziona zimenezi, mayi. Zimandiwawa kwambiri.

William Kamkwamba ndi wa konkuno ku Wimbe. Anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2002, n'kumakabwereka mabuku pa kalaibulale kakang'ono, mpaka anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zakudzala ndi njinga ya bambo ake. Anthu ankati wapenga. Ambirife tinadzayamba kumunyadira atakayankhula ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu 2007, akunja atayamba kale kumutama.

Masewera sindikuwanyoza ayi. Temwa Chawinga akukweza mbendera yathu ku America ndi thukuta lake. Koma m'kalasi la ana 80, ndi angati adzadyere mpira?

Ndiye mpirawo musamulande. Madzulo mukhazikeni pamphasa akuwerengereni mokweza tsamba la zamasewera m'nyuzipepala, kenako akuwerengetsereni mapointi omwe timu yake ikufunika kuti itenge ligi. Masamu ayambira pomwepo. Aphunzitsi ake kawaoneni ngakhale asanakuitaneni. Tsiku lomwe adzabwere ndi sukulu lipoti yosonyeza kuti wakwerako, ngakhale pang'ono chabe, mupheni nkhuku, muitane ndi amalume ake adzamve nawo.