Nyimbo za pa ukwati: zanu ndi zinayi, zotsalazo ndi za alendo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mchemwali wina wa ku Area 25. Ukwati wawo uliko mu Okutobala, akadalitsira ku CCAP, madyerero pa galadeni ina muno mu Lilongwe. Iwo kwawo ndi ku Dowa, mwamuna kwawo ndi ku Mzimba. Alemba kuti: "Ndasonkhanitsa nyimbo zachikondi zoposa 60 zimene timazikonda awirife, zambiri zachingerezi. Apongozi akuti pa ukwati wa mwana wawo sipadzalira nyimbo zachikunja. Anzanga akuti popanda amapiano sabwera. Nditani? Nanga tilembe bandi kapena DJ?"

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi mawu amene mwina sakukomerani: mwa nyimbo zanuzo, zimene anthu adzakhale chete n'kuzimvetsera ndi zinayi basi. Pa ukwati wa kwathu kuno nyimbo ili ndi ntchito, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kudzutsa anthu pamipando kuti apite kutsogolo ndalama zili m'manja. Mukagwira mfundo imeneyi, mkangano wa apongozi ndi anzanu uja uchepa wokha.

Za kutchalitchi sizivuta, chifukwa kumeneko mwini nyimbo ndi mpingo. Tsiku lokalembetsa ukwati funsani abusa kapena mlembi wa mpingo zimene amalola. Ku CCAP zambiri zimachokera m'buku la Nyimbo za Mulungu, ndipo mutha kupempha ziwiri kapena zitatu. Sankhani zimene mpingo wonse umazidziwa pamtima, osati ija imayimbidwa kamodzi pachaka anthu n'kumangong'ung'udza kudikira kolasi. Kwaya ipatseni malo awiri, polowa mkwatibwi ndi posaina. Kusainako kumatenga nthawi kuposa mmene mukuganizira, ndiye ikonzekere nyimbo ziwiri. Mufunsenso ngati tsikulo muli nokha, pakuti Loweruka la mu Okutobala maukwati atatu amatha kudalitsidwa pa mwambo umodzi, ndipo zikatero nyimbo yolowera mumagawana ndi akwati anzanu. Kanyimbo ka limba kaja timakamva m'mafilimu mkwatibwi akamalowa kanachokera mu sewero loyimba la Richard Wagner wa ku Germany la mu 1850. Si ka mpingo, ndipo atsogoleri ena amakakana. Musadzakatulukire nako mwadzidzidzi.

Tsopano kumadyerero, komwe kuli nkhani yeniyeni. Mwambo umayamba cha m'ma 1 kapena 2 koloko masana, pofika 6 koloko kwada, anthu a ku Area 36 ndi ku Likuni ayamba kuganiza za minibasi. Muli ndi maola anayi. Chotsanipo pemphero, malonje, mawu a makolo ndi kudula keke. Chotsalacho ndi perekaniperekani. Choncho tengani pepala, musayambe ndi nyimbo, yambani ndi anthu. Lembani magulu onse amene MC adzaitane: makolo a mbali zonse ziwiri, ankhoswe, a kumpingo, a kuntchito kwanu, a kuntchito kwa amuna anu, anzanu a kusukulu, amayi a banki mkhonde, oyandikana nawo nyumba. Pambali pa gulu lililonse lembani nyimbo imene anthu amenewo sangaimve ali chikhalire.

Taonani zimene zimachitika pepala limeneli likasowa. MC waitana amayi onse a kumpingo. Adzuka, amanga bwino zitenje, ma K100 ndi ma K200 osintha kale ali m'manja. DJ n'kuponya chinyimbo cha ku Joni chogunda pachifuwa. Amayi aja amayenda mwaulemu, n'kuika ndalama zonse kamodzi m'lichero, n'kubwerera kukakhala. Mphindi imodzi, zatha. Koma ilire nyimbo ya kwaya imene amaidziwa, ya Great Angels kapena ya Ethel Kamwendo Banda, amazungulira akuvina, akuponya imodziimodzi, nthungululu kuti lululu, wina n'kuthamangira pa tebulo la osintha ndalama kukaswetsa K5,000 ina. Makashiya anu madzulo adzakuuzani kusiyana kwake.

A ku Mzimba muwaganizire mwapadera. Anthuwa ayenda mtunda wautali pa msewu wa M1, ena agona m'basi, ndipo akafika pa malo odzaza ndi Chichewa amakhala ngati alendo pa ukwati wa mwana wawo yemwe. Nyimbo ziwiri zitatu za Chitumbuka zimasintha nkhope zawo. Ngati pali azibambo odziwa ingoma, gule wa Angoni, DJ azimitse zida zake kwa mphindi zisanu, ayimbe okha, aponde pansi okha. Kwanu ku Dowa nakonso kuli chimtali ndi chisamba cha amayi, kuli mganda wa abambo. Funsani azakhali anu ngati angabwere ndi ng'oma. Ine ndimaona kuti mphindi zimenezi ndi zimene anthu amazijambula kwambiri pa mafoni, kuposa masitepe amene operekeza akwati akhala akuphunzira miyezi iwiri.

Apa ndiye pali yankho la apongozi anu. Mukaika magulu a makolo ndi a mpingo kumayambiriro, ola loyamba ndi theka lidzakhala la nyimbo zauzimu ndi za makolo popanda wina kukakamiza. Achinyamata aitanidwe chakumapeto, dzuwa litapendeka, ndipo amapiano ndi za ku Nigeria zilire nthawi imeneyo. Pakatipo pali nyimbo zimene zimagwirizanitsa mibadwo. Agogo Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930, koma chijambulireni ndi Patience Namadingo mu 2020, agogo ndi adzukulu amavinira limodzi. Za malemu Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024, ndi za Black Missionaries zimadzutsa aliyense amene anakula akumvera wailesi, kungoti musankhe mosamala chifukwa zambiri zimakamba za ndale ndi mavuto a dziko. Ndondomeko imeneyi musakaifotokoze nokha kwa apongozi. Mwana wawo apite nayo, pepala lili m'manja, awafunsenso nyimbo imene iwo akufuna kudzavinira. Ngati ndi mayi wa Umanyano, gulu la amayi a mpingo, monga amayi ambiri a CCAP a kumpoto, ali nayo kale m'mutu. Munthu amene wapatsidwa nyimbo yakeyake sawerengetsa za anzake.

Komabe apongozi anu sakulakwitsa zonse. Chimene akuopa ndi mawu, ndipo pamenepo ndili nawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyimbo zambiri zachingerezi zoyimbidwa mwachifatse, zimene timaziyesa zachikondi, zimakamba za kusiyana, za munthu wolira bwenzi lakale, kapena za chibwenzi chamseri. Khalani pansi muwerenge mawu a nyimbo iliyonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osangodalira kolasi. Za ku South Africa musanene kuti palibe adzamve Chizulu. Mabanja ambiri a ku Mzimba ali ndi munthu amene anakhalako ku Johannesburg, ndipo adzamasulirira tebulo lonse. Zathu za Chichewa nazo zilipo zovinika bwino koma zodandaula za mwamuna woyendayenda, za mitala, za apongozi ovuta. Ngakhale zauzimu, zija zonena kuti adani achita manyazi ndi osandifunira zabwino aona okha, pa ukwati pamakhala msuweni amene adzati akunena iye. Nyimbo zimene zinalira pa misonkhano ya zipani zisiyeni, pamalopo pali anthu a mitundu yonse ya nsalu. Kunena zoona, mndandanda wa nyimbo zoletsedwa ndi wofunika kwa DJ kuposa wa zololedwa.

Zanu zinayi zija ndi izi: yolowera pa malo a madyerero, yodulira keke, yovinira awirinu, ndi yotulukira. Pa zimenezi musamvere munthu. Zotsalazo, zimene zapambana mayeso a mawu, zizilira chapansipansi alendo akamafika ndi pa nthawi ya zoziziritsa kukhosi. Ya masitepe a operekeza akwati mumupatse DJ yomweyo imene akhala akuphunzirira, chifukwa nyimbo imodzi imakhala ndi makonzedwe angapo, ndipo kungosiyana poyambira, mzere wonse wasokonekera. Zonse muziike pa mafulashi awiri. Za pa foni ndi intaneti ayi. Netiweki imathawa, ndipo foni ikaitana imamveka pa masipika onse.

Bandi kapena DJ? Pa ukwati wa perekaniperekani ine ndimasankha DJ. MC amafuna nyimbo isinthe pakutha pa mphindi zitatu zilizonse, idulidwe pakati akafuna kulankhula, ibwerezedwe gulu likatentha. Bandi singathamange chotero, imafuna nsanja, imafuna kupuma, ndipo mtengo wake ndi wina. Ngati thumba likulola, bandi yaing'ono kapena kwaya iyimbe ola loyamba alendo akukhazikika, kenako DJ atenge. Musanamulembe DJ, kamuoneni pa ukwati wa ena. Mvetserani ngati amatsitsa nyimbo MC akamalankhula, komanso ngati sakonda kudzitamanda pa maikolofoni. Mupatseni theka la ndalama, linalo akamaliza ntchito. Funsaninso eni malo ngati ali ndi chilolezo cha COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo limene lakhalapo kuyambira mu 1992. Ndi nkhani ya iwo ndi DJ, koma ndi bwino muidziwiretu.

Popeza muli pa galadeni, jenereta ikhalepo, yoyesedwa dzulo lake, mafuta ogulidwa kale, ndipo iikidwe kutali ndi tenti kuti isamalimbane ndi mawu a makolo. Panja mawu amabalalika ndi mphepo, ndiye DJ amakonda kukweza kwambiri. Akuluakulu musawakhazike pafupi ndi masipika.

Sabata imodzi ukwati usanachitike, MC ndi DJ akumane, aliyense atenge pepala lofanana ndi la mnzake. Kenako sankhani munthu mmodzi wa mu komiti, wolimba mtima koma waulemu, akhale pafupi ndi tebulo la DJ. Cha m'ma 4 koloko padzabwera amalume ena atalawako pang'ono, K2,000 ili m'manja, akufuna nyimbo yawo ilire pompano. DJ sangawakanize, sakuwadziwa. Wa mu komitiyo ndiye adzawagwire padzanja, n'kuwauza kuti, "Amalume, yanu ikubwera tikamaitana a kwanu," n'kuyang'ana kaye ngati ili pa mndandanda wa zoletsedwa.