Asisi, za mphepo m'nyumba ya malata ija

Asisi mwafunsa kuti mwangosamukira ku Chipata, nyumba ya lendi ya malata yopanda siling'i, mwana wa miyezi isanu, mutani mphepo ikafika. Ndaona ena akuyankhani kale kuti gulani mbaula muzigona nayo. Chonde chonde izo ayi, ndikamba pansipa.

Kuno kuzizira kwenikweni ndi June na July, kumayamba mu May n'kumatha mu August. Masana dzuwa limawala bwino chabe, vuto ndi m'bandakucha, cha m'ma 04 mpaka 06, malata amakhala ngati mwawathira madzi a mu fuliji ndipo simenti ya pansi osakamba. Ndiye yambani ndi pansi. Ngati matiresi ali pa simenti yalani mphasa kapena makatoni kunsi kwake, ngakhale masaka. Bedi muichotse pakhoma ndi pawindo.

Madzulo amodzi yendani m'nyumba monse mutanyowetsa dzanja, mudzamva pomwe mphepo ikulowera. Kawirikawiri ndi pansi pa chitseko, magalasi osweka, ndi pamwamba pomwe khoma likumana ndi malata. Pansi pa chitseko pindani chitenge chakale kapena thumba muikepo. Galasi losweka auzeni alandilodi, akachedwa matani katoni ndi pulasitiki. Makatani opyapyala aja sathandiza, pitani ku Saturday Market kapena ku Kapata mukaone mabulangeti a salaula, limodzi mupachike pawindo la kuchipinda usiku. Gulani manje, ikafika June mitengo imakwera. Nyengo imeneyi dzuwa limapendekera kumpoto, ndiye windo loyang'ana uko muzitsegula makatani masana kutentha kulowe, ikakwana 16 tsekani. Koma timabowo ta mpweya tija ta pamwamba pakhoma musatseke tonse, nyumba imafunika kupuma.

Manje za mbaula. Ine mlamu wanga ku Katete anangotsala pang'ono kutisiya iye ndi ana awiri. Malasha anali atayaka bwino, ofiira opanda utsi ngakhale pang'ono, iye n'kuti aa apa palibe vuto, analowetsa kuchipinda n'kutseka chitseko. M'mawa aneba ataona kuti sakutuluka anaphwanya chitseko, anamupeza ali pansi pafupi ndi khomo, amafuna kutsegula koma miyendo inakana, kamwana kakang'ono katasanza pa pilo. Anachira ku chipatala koma mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe. Anthu amaganiza kuti choopsa ndi utsi. Ayi, malasha amatulutsa mpweya wa carbon monoxide womwe sununkha ndipo suoneka, umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, munthu amangomva mutu, chizungulire, nseru, kufooka, ndipo ngati ali mtulo sadzuka n'komwe. Khanda ndiye limayamba kugonja. Mukaona zizindikiro zimenezi tulutsani aliyense panja, tsegulani zonse, thamangani ku kiliniki osadikira kuti kuche.

Otherani moto pakhonde kapena pakhomo chitseko chili chotsegula, nthawi yogona mbaula itsale panja. Ndipo mwana akayamba kukwawa muzimuyang'anira, ana ambiri amapsa nyengo yomweyi. Ngati muli ndi hita ya malaiti, iikeni kutali ndi makatani ndi neti, musayanikepo matewera, ndipo malaiti akapita muzizimitse pa soketi chifukwa amabwera muli mtulo.

Chomwe ine ndimachita, ndimathira madzi ofunda (osati owira) m'botolo lotseka bwino, kulikulunga m'chitenge n'kuika m'mabulangeti tisanagone, pomugoneka mwana ndimalichotsa. Mwanayo muvekeni zovala ziwiri zitatu zopepuka ndi masokosi, bulangeti lolemera lisafike kumaso. Kumusambitsa muzichita masana dzuwa lili pamutu, kenako mumudzoze Vaseline poti mphepo ya kuno imaumitsa khungu mpaka masaya kuchita mamba. Akayamba kutsokomola n'kumapuma mofulumira kapena nthiti zikulowa mkati, chimenecho chikhoza kukhala chibayo, musayambe ndi za mandimu, pitani naye ku kiliniki tsiku lomwelo.

Muli dera liti asisi? Ngati ndi cha ku Kapata ndili ndi bulangeti limodzi longokhala, ndilembereni ku inbox.