Sienta yanga yagona pagalaja masabata atatu: makaniko wokhulupirika ndimupeza kuti?

Alangizi, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Chaka chatha ndinatenga ngongole kuntchito n'kugula Toyota Sienta kuti izinyamula anthu. Ikamayenda bwino, dalaivala amandipatsa K40,000 patsiku. Vuto langa ndi amakaniko. Woyamba anati giya bokosi yatha, ndinamupatsa K600,000 kuti agule ina, koma galimoto inatuluka ikunjenjemerabe ngati kale. Wachiwiri, yemwe timapemphera tchalitchi chimodzi, waisunga masabata atatu tsopano, ndikaimba foni yankho ndi lakuti "mawa mayi, mawa". Ngongole sikudikira. Nditani?

Mayi, pepani ndi zimene mwakumana nazozi. Tiyambe ndi masamu, chifukwa ambiri timaphonya pomwepa. Mtima wanu uli pa K600,000 ya giya bokosi ija, ndipo m'pomveka. Koma galimoto yobweretsa K40,000 patsiku ikagona masabata atatu, kuchotsapo masiku a Lamulungu, yataya masiku 18. Imeneyo ndi K720,000. Ndiye kuti mkhristu mnzanuyo, amene mwina sanakubereni ngakhale nati imodzi, wakutayitsani ndalama zambiri kuposa woyamba uja. Mawa m'mawa lawirirani mukaitenge, ngakhale mochita kukoka ndi chingwe. Mupatseni moni mwaulemu, mumulipire pa zimene wagwiradi, musiyane mwamtendere. Kutchalitchi muzionanabe, koma galimoto isabwererenso kumeneko.

Tsopano za kopeza wina. Musafunse achibale kapena anzanu a kuofesi amene galimoto zawo zimangoyenda ulendo wa kuntchito ndi kusukulu ya ana. Funsani anthu amene amadyera pa Sienta ngati inuyo. Koma samalani: funsani eni galimoto, osati madalaivala okha. Pali madalaivala ena amene amamvana ndi makaniko kuti lisiti lilembedwe mokweza, yapamwambayo n'kugawana. Dalaivala wotereyu akakuuzani kuti "makaniko uyu ndi katakwe", akunena za thumba lake. Mwini galimoto mumufunse mafunso awiri basi: anakonza chiyani, ndipo vutolo linabweranso patapita nthawi yaitali bwanji? Mukafunsa eni asanu kapena asanu ndi mmodzi, mudzaona dzina limodzi kapena awiri akubwerezedwa. Ogulitsa masipeya, monga a ku Malangalanga, nawonso amawadziwa amakaniko mkati ndi kunja. Amadziwa amene amabwera ndi chitsulo chakale m'manja kudzayerekeza, komanso amene amapempha malisiti awiri a mitengo yosiyana.

Mukapeza dzina, pitani kaye nokha popanda galimoto mukangoona malo. Chikwangwani chachikulu ndi maovolosi ofanana zisakunyengeni, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ine ndikalowa pagalaja ndimayang'ana galimoto zimene zaima pabwalo. Ngati zambiri zili ndi fumbi lochindikala, matayala ophwa, udzu utamera kunsi, dziwani kuti zimenezo ndi galimoto za anthu anzanu amene anauzidwanso kuti "mawa". Nthawi zina ndi zomwezo zimene zimachotsedwa zitsulo kukonzera za ena, ndipo yanu ikagonera ingalowe pamzere womwewo. Makaniko wa pansi pa mtengo wa mango si woipa chifukwa cha mtengowo ayi. Ku Biwi, ku Ndirande ndi m'malo ena kuli amisiri a manja abwino kwambiri. Chofunika n'chakuti akhale ndi malo amodzi odziwika amene wakhalapo zaka, oti mungamupeze chinachake chikalakwika, komanso oti galimoto ikagona usiku pali mlonda. Amene mumangomupeza pafoni n'kukumana naye pamsewu, foniyo akadzathimitsa mudzamusaka kuti?

Satifiketi ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso, kapena ya mayeso a ntchito zamanja imathandiza, ndipo si mwano kufunsa. Koma chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi makaniko amene amatha kunena kuti "izi si zanga". Wa injini ndi wina, wa magetsi ndi wina, wa giya bokosi ndi wina, wowongola ndi kupenta ndi winanso. Amene amavomera chilichonse amaphunzirira pa galimoto yanu, ndipo fizi mumalipira ndinu.

Musamuyambe ndi ntchito yaikulu. Muyeseni ndi zazing'ono: kusintha oyilo ndi fyuluta, kapena mabuleki. Khalani pomwepo, mutenge mpando. Onani ngati akufotokoza zimene akuchita, ngati akukuonetsani chitsulo chakutha asanachichotse, ngati mtengo umene ananena poyamba ndi womwewo pomaliza.

Inunso muidziweko galimoto yanu pang'ono, mayi, chifukwa amene sadziwa kalikonse ndi amene amauzidwa chilichonse. Sienta zakale zija, zimene zinapangidwa pakati pa 2003 ndi 2015, zili ndi injini ya 1NZ, ndipo injini imeneyi imayendera tcheni, osati lamba wa taimingi. Makaniko akadzakuuzani kuti lamba wa taimingi wakwana nthawi yosintha, ndiye kuti sakuidziwa injiniyo kapena akufuna kukudyerani. Chinanso, Sienta zambiri zili ndi giya bokosi yosintha yokha ya mtundu wa CVT, imene imafuna oyilo wakewake. Munthu akathiramo ATF, oyilo wamba wa magiya bokosi ena osintha okha, galimoto imayamba kunjenjemera ndi kukoka mofooka, ndipo pakapita nthawi giya bokosiyo imawonongekadi. Komanso mapulagi kapena makoyilo akatopa, injini imadumphadumpha mwakuti wosadziwa amaloza giya bokosi. Sindinganene ndili pano kuti vuto la yanu ndi limeneli, koma mwati inasinthidwa giya bokosi yonse n'kumachitabe zomwezo. Pamenepo pali ziwiri: mwina sinasinthidwe n'komwe, kapena nthendayo sinali mmenemo.

N'chifukwa chake ntchito iliyonse yodula kuposa ndalama zimene galimoto imapanga pa sabata imodzi iyenera kuonedwa ndi anthu awiri osadziwana. Wachiwiriyo musamuuze zimene woyamba wanena, mungomufotokozera zimene galimoto ikuchita. Ipimitseninso pa kompyuta, ija amalumikiza kunsi kwa chiwongolero. Koma dziwani kuti kompyuta imangoloza mbali imene pali vuto, siinena kuti gulani chakuti. Jambulani manambala amene yatulutsa pafoni yanu kuti wina aliyense amene mungamufunse awaone.

Pa nkhani ya ndalama ndi pomwe ndikufuna mulimbe mtima. K600,000 ija inapita chifukwa munaika ndalama ya sipeya ndi ya leba m'dzanja limodzi, ntchito isanayambe. Ziwirizi muzizilekanitsa. Makaniko alembe mndandanda wa zofunika kugula, mtengo wa leba payokha, ndi tsiku limene galimoto ituluke. Ngakhale pa WhatsApp ndi bwino, bola zikhale zolembedwa. Kogula masipeya muzipita naye limodzi: iye asankhe, inu mulipire ndi kusunga lisiti. Mukapita nokha n'kugula chinthu chabodza kapena chosagwirizana ndi galimoto, adzakuuzani kuti munagula ndinu, ndipo adzakhala akunena zoona. Ngati ndi chinthu chachikulu chochotsedwa pa galimoto ina, monga injini kapena giya bokosi, wogulitsa alembe pa lisiti masiku amene mungabweze chikakanika. Musadabwe mitengo ikamasintha msanga. Pafupifupi sipeya iliyonse imachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 25 peresenti mu 2022, kenako ndi 44 peresenti mu 2023, ogulitsa ambiri sasunga mtengo kwa masiku ambiri. Mtengo wa mwezi watha musaudalire, imbani masitolo atatu tsiku lomwelo.

Leba muzilipira galimoto itatuluka ndipo mwaiyesa pamsewu, makamaka pokwera chitunda. Lipirani pa Airtel Money, Mpamba kapena kubanki kuti pakhale umboni. Zitsulo zonse zakale azikubwezerani, ngakhale zilibe ntchito kwa inu. Makaniko woona mtima sizimuvuta. Ndipo posiya galimoto jambulani makilomita, mulingo wa mafuta, batire, matayala onse, la sipeya ndi jeke, iye akuona. Ena amachita manyazi kuti zikuoneka ngati ukumuyesa munthu wakuba. Ayi, zimamutetezanso iyeyo, chifukwa pagalaja pamakhala anyamata ambiri, ndipo amene amasintha batire latsopano n'kuikapo lakale nthawi zambiri si bwana wake. Mumuuzenso kuti akapeza vuto lina mkati, ayimbe foni kaye asanagule kapena kumasula china.

Za makaniko woyamba uja, musazisiye. Mupempheni lisiti la giya bokosi imene anagula, komanso akuonetseni yakale imene anachotsa. Akakanika, mulembereni kalata yomupatsa masiku oti abweze ndalama, inu musunge kope lake. Bungwe loona za chilungamo pa malonda la CFTC limalandira madandaulo a ogula, ndipo kulinso khothi la majisitireti. Koma ndikuuzeni mosabisa kuti ngati munapereka ndalamayo pamanja, popanda mboni kapena uthenga wa pafoni, mlandu wake udzakhala wovuta.

Pali mbali ina imene eni galimoto sakonda kuimva. Ambirife amakaniko timawaononga tokha. Timanenerera leba mpaka munthu atsale ndi ya sopo yokha, kapena timatenga galimoto n'kumati tidzalipira kumapeto kwa mwezi, mwezi wake osafika. Munthu wotero amakabwezera pa masipeya. Mukadzapeza wabwino, muzimulipira pa nthawi yake. Kuti zimenezi zitheke, pa K40,000 iliyonse muzipatulapo, tinene, K6,000 n'kuika ku akaunti ina imene simuigwira. Imeneyo si phindu lanu, ndi ya galimoto: oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, matayala, inshulansi, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu). Pa masiku 26 a mwezi ndi K156,000. Ndalamayi ikakhalapo simuthamangira makaniko wotchipa chifukwa chosowa pogwira.

Funso lina lachokera kwa bambo wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg: "Ndili ndi minibasi ku Blantyre imene amayang'anira mng'ono wanga. Mwezi uliwonse amandiuza kuti yawonongeka, nditumize ndalama. Sindikufuna kukangana naye, koma ndatopa."

Achimwene, mng'ono wanuyo mwina sakuba, minibasi imadyadi ndalama. Koma pakali pano munthu mmodzi ndi amene akunena kuti yawonongeka, akusankha makaniko, akugula masipeya, n'kumalandiranso ndalama. Ngakhale atakhala woyera mtima bwanji, inu mulibe njira yodziwira. Pezani galaja imodzi yokhazikika kudzera mwa eni minibasi anzanu, osati kudzera mwa iyeyo, ndipo muzilankhula ndi makaniko wake mwachindunji. Vuto likachitika akutumizireni vidiyo yoonetsa chitsulo chowonongekacho ndi nambala ya galimoto, kenako ndalama ya sipeya mutumize kusitolo, ya leba kwa makaniko. Mng'ono wanu mumuikire malipiro ake a pamwezi omveka bwino, chifukwa woyang'anira wosalipidwa amadzilipira yekha. Mugulenso kope limodzi lizikhala m'galimotomo, muzilembedwa tsiku, makilomita ndi chimene chasinthidwa. Mukadzaona mabuleki omwewo akusinthidwa kachitatu m'miyezi iwiri, mudzakhala ndi poyambira kufunsa popanda kutchula mawu akuti kuba.