Ndili ndi R12,000 yokha, ndigule zida ziti za kompyuta ya magemu?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Zomba. Akuti mkulu wake amagwira ntchito ku Joni ndipo wamulonjeza kuti amugulira zida zomangira kompyuta ya magemu bola zisapitirire R12,000, azitumiza pa basi mu Disembala. Amafuna kusewera FC (gemu ya mpira ya kampani ya EA), GTA V ndi Fortnite. Anzake amulembera kale zoti agule: i7-4790 yakale, RAM ya 16GB ndodo imodzi, GTX 1650, kesi yagalasi ya mafani anayi owala a RGB, ndi power supply ya 650W yomwe dzina lake sanalimvepo. Akufunsa kuti, "Kodi zili bho izi kapena ndisinthe chani?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke. Ndikuuzeni mosabisa, mndandandawu ndalama yathera pomwe sipafunika ndipo pofunikapo mwaumira.

Tiyambe ndi processor, ubongo wa kompyuta, i7 yomwe anzanu akuikondayo. Dzina loti i7 limanamiza anthu ambiri kwathu kuno, munthu akangomva i7 basi waganiza kuti ndi yamphamvu. I7-4790 inatuluka 2014, ili ndi ma core 4, imayendera RAM ya DDR3, ndipo Windows 11 siyiyivomereza mwalamulo poti Microsoft imafuna kuyambira 8th gen kupita m'tsogolo, pomwe Windows 10 anasiya kuisamala pa 14 Okutobala 2025. Ndiye mukhala mukumanga nyumba pa maziko oti simudzathanso kuonjezerapo chipinda. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga Ryzen 5 5600, ya 2022, ma core 6 ma thread 12, imabwera ndi fani yake mu bokosi momwemo ndiye palibe zogulanso cooler. Ikafuna motherboard (bodi yomwe zida zonse zimalumikizidwapo) ya mtundu wa AM4, B550 ikapezeka yotchipa tengani imeneyo, koma ngakhale A520 kapena B450 imagwira, kungoti B450 muuzeni mkulu wanuyo afunse kaye ku shopuko ngati BIOS yake (pulogalamu ya mu bodi yomwe imadzutsa kompyuta) ndi yatsopano yoti iwerenge ma Ryzen 5000, apo bii mudzalumikiza zonse ku Zomba kuno koma sikirini ili bii osaonetsa kanthu. Ngati mtima uli pa Intel, i3-12100F kapena i5-12400F pa bodi ya H610 ndi zabwinonso, ndipo inde i3 imeneyi imaiposa i7 yanu ija pa magemu. Dziwani kuti 5600 komanso ma Intel okhala ndi F kumapeto alibe graphics mkati, popanda graphics card, khadi yotulutsa zithunzi, sizionetsa chithunzi.

Tsono pa graphics card ndi pomwe ndikufuna mumvetsere, chifukwa gemu imadya khadi kuposa china chilichonse. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yanu, kapena kupitirira pang'ono, lipite apa. GTX 1650 ili ndi memory ya 4GB yokha, ndi khadi yabwino kwa munthu amene akufuna kungoiponya mu Dell yakale ya mu ofesi poti ina siifuna waya wa magetsi wapadera, koma inu mukumanga yatsopano. FC 24 yomwe EA analemba kuti kuti isewereke bwino pamafunika GTX 1660 kapena RX 5600 XT, ndiye 1650 ili pansi pa mzere umenewo kale. Funani RX 6600 ya 8GB, inatuluka 2021, imadya ma watt 132 okha ndi pulagi imodzi ya 8-pin, ndipo pa 1080p magemu anu atatuwo imawanyamula bwinobwino. Mkulu wanu ayerekeze mitengo ku mashopu a pa intaneti a konko monga Evetech, Wootware ndi Takealot, mitengo imasinthasintha sabata ndi sabata.

Mwina ndalama iperewera ndiye muganiza zogula khadi yogwira kale ntchito, palibe cholakwika koma tsegulani maso. Ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum itasiya kukumbidwa ndi makhadi mu Seputembala 2022, ma RX 580 ambirimbiri omwe ankayaka usana ndi usiku anakhuthukira pa msika, ndipo ena amagulitsa RX 580 2048SP ngati kuti ndi RX 580 yeniyeni pomwe mphamvu zake ndi za RX 570. Asapereke ndalama asanaione ikuyaka. Atsegule pulogalamu ya GPU-Z aone dzina lenileni ndi kukula kwa memory, ayendetse pulogalamu yoyesera khadi ya FurMark mphindi 15 kapena 20, ayang'ane ngati pa sikirini pakubwera timadontho kapena timizere, aike khutu pafupi amve ngati fani ikukhula, aonenso tizomangira kumbuyo ngati tinakandika ndi sikuludiraiva. Wogulitsa akakana zoyesa, msiyeni.

Power supply ija, kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta, ichotseni lero lomwe. Izi zinandichitikira ine, ndinagula ya dzina losadziwika pa shopu ina mu tauni, pa chitini pake analemba 600W koma kuinyamula inali yopepuka ngati mulibe kanthu. Inatha miyezi inayi. Tsiku lina magetsi anazima madzulo, atabwera ndinangomva phu! kenako kafungo ka pulasitiki wopsa kanadzaza chipinda chonse, ndipo sinafe yokha, inatenga motherboard ndi hard drive momwe munali zithunzi za ukwati wa mlongo wanga. Mpaka pano zimandiwawa. Pa 5600 ndi RX 6600, 550W ya kampani yodziwika ngati Corsair, Seasonic kapena Cooler Master yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze ndi yokwana ndithu. Ndipo mmene magetsi amathimirathimira kwathu kunomu, siyani kandalama ka surge protector yoteteza zida magetsi akabwera mwamphamvu, kenako mukadzapeza ina mugule ka UPS, kabatire koti kakupatseni mphindi zochepa zothimitsira bwino. Magetsi akazima zulani pulagi kukhoma, mudzalumikize akakhazikika.

RAM 16GB mwalondola, koma ikhale ndodo ziwiri za 8GB, DDR4 3200, osati imodzi. Ziwiri zimagwira ntchito mothandizana ndipo gemu siyigwiragwira. Pa bodi ya mabowo anayi muziika pa lachiwiri ndi lachinayi kuchokera ku processor, kenako mulowe mu BIOS muyatse XMP, ena amalemba DOCP, chifukwa mukapanda kutero imayenda mochedwa kuposa liwiro lomwe mwalipira.

Mu mndandanda wanu simunatchule posungira zinthu. SSD ya NVMe ya 1TB ngati ndalama ilola. FC yokha imafuna malo a 100GB, GTA V nayo ili cha pompo, ndiye ya 256GB idzadza musanaike gemu yachitatu, ndipo ndi mtengo wa bandulo kwathu kuno simungamafufute gemu n'kumaidawunilodanso. Bwino mkulu wanuyo adawunilode magemuwo konko pa WiFi ngati angathe.

Kesi ndiye pomwe mungadule ndalama popanda kudandaula. Magetsi owalawo saonjezera liwiro ngakhale pang'ono, ndipo kesi zambiri zotchipa za galasi kutsogolo zimatsekereza mpweya. Ganizirani kutentha kwa Okutobala ndi fumbi lake. Tengani ya maukonde kutsogolo, mafani awiri akwana, muiike pa tebulo osati pansi pa simenti, ndipo miyezi iwiri itatu iliyonse muzipemerera fumbi.

Ndalama ikakana, dulani motere: kesi kaye, kenako SSD itsike pa 500GB, kenako bodi ikhale A520. Khadi ndi power supply musazikhudze. Zikavutitsitsa pali Ryzen 5 5600G yomwe ili ndi graphics mkati, mutha kuyamba nayo Fortnite ndi GTA V pa ma setting otsika uku mukusunga ya khadi.

Simunanene ngati sikirini, kiyibodi ndi mausi muli nazo, ngati mulibe yambani ndi TV ya pa nyumba kudzera pa HDMI. Pomaliza muuzeni mkulu wanu kuti chilichonse chikhale mu bokosi lake, khadi asaimangirire mu kesi poti msewu wa Beitbridge, Tete mpaka Mwanza ungathyole polowera pake, ndipo malisiti onse abwere ndi katunduyo chifukwa pa boda akawafuna. Zikafika ndilembereninso, tidzamange limodzi gawo ndi gawo.