Waya wofiira uja ndiye adandipweteka

Achimwene, mwati manambala a kutentha sakuyenda bwino ndiye mukufuna kusintha sensa. Musanagule thermocouple ina (sensa yoyezera kutentha ija) tayang'anani kaye waya wowonjezera kutalika kwake uja. Ine ndidalira nawo.

Uvuni wathu woumitsira penti unali ndi thermocouple ya Type K, waya wake wosafika pa panel, pomwe pali controller yowerenga ndi kuwongolera kutentha. Tidaitana mmisiri wina wodzitama kwambiri. Adabweretsa waya weniweni wa K, wachikasu ndi wofiira, n'kulumikiza wofiira ku positive mbali zonse ziwiri, ati wofiira ndi positive kulikonse. Pa mitundu ya ANSI, muyezo wa ku America, wofiira ndi negative! Kuipa kwake, uvuni ukamatentha manambala amakwera bwinobwino, ndiye palibe adakayika. M'mawa zinkayenda. Pofika masana kabokosi kolumikizira ka pakhoma pa uvuni kanali pa madigiri 60, panel ili pa 30, ndipo waya wotembenuka umaba kusiyanako kawiri. Controller ikuti 180, m'kati muli cha m'ma 240. Ndidatsegula chitseko, utsi fuu kumaso, zitsulo zoyera zonse zitafiira, penti itachita matuza. Oda yonse ya kasitomala. Ndidangoti kakasi, abwana ali kumbuyo akufunsa ngati ndimagona pa ntchito. Mmisiri uja foni osayankha masiku atatu. Atayankha ati sensa ndi yabodza, tigule ina kwa iye. Manyazi alibe.

Chondiwawa china, ndidataya masabata awiri ndikulimbana ndi kudumphadumpha kwa manambala. Ndinkangowonjezera filter, yosalaza manambala, mu controller mpaka nambala idakhazikika bwino, koma ili yabodza yomweyo.

Kudumphako chifukwa chake chinali china. Type K imangotulutsa ma microvolt pafupifupi 41 pa digiri imodzi, ndiye waya wake ukayenda njira imodzi ndi wa mota kapena inverter umatola phokoso lonse la magetsi. Ulekanitseni, mugwiritse wopota wokhala ndi shield (chikuto chachitsulo chotchinga phokosolo), ndipo shield ipite ku earth mbali imodzi yokha. Ngati nsonga ya sensa yanu ndi yolumikizidwa ku chitsulo chake, yesani yosalumikizidwa.

Kuviika nsonga m'madzi a ayisi kuti muone 0 n'kwabwino, koma kukadandinamiza, poti uvuni ukazizira kabokosi ndi panel zimafanana kutentha. Tenthetsani kabokosiko ndi chowumitsira tsitsi nsonga ili mu ayisi. Nambala ikasuntha, waya ngwolakwika, kaya wotembenuka kaya wa kopa wamba. Mitundu musaikhulupirire, pa muyezo wina wa IEC waya wa K ndi wobiriwira positive, woyera negative. Tengani maginito, mwendo wa negative wa K umakokedwa pang'ono. Komanso ma terminal a controller asamawombedwe ndi fani kapena kuyandikana ndi chotentha, chifukwa cold junction, kutentha komwe controller imayerekezera nako kwa nsonga, imayezedwa pomwepo.

Filter ikaninso ndithu, yochepa chabe. Ndipo ngati simunazolowere panel, itanani mmisiri, musagwiregwire nokha. Koma muime pambali pake maginito ali m'manja.